Kahatchi kosafula pakati pa mahatchi aakulu: lipoti lochokera ku Dedza

Lipotili ndi la kahatchi ka mtundu wa poni (mahatchi okhala aafupi ngakhale atakula), kakamuna komanso kosafula, ka pafamu ina cha ku Bembeke m'boma la Dedza. Kadamenyedwa theche pachibwano ndi hatchi yaikulu yaikazi, kadasiya kudya, ndipo chomwe chidatsala pang'ono kukapha sichidali bala lenilenilo ayi. Ndalemba chifukwa ife alangizi a ziweto kuno tidazolowera ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi abulu a ngolo. Mahatchi ndi owerengeka, moti tikaitanidwa kuti tikaone hatchi timatenga nzeru za ng'ombe n'kupita nazo, pomwe zina mwa nzeruzo zimapha hatchi.

Ziweto ndi malo ake

Pafamupo padali mahatchi atatu aakulu. Awiri adali aakazi, ina yofiira ina yakuda, ndipo yachitatu idali yaimuna yofulidwa kalekale. Iliyonse idali yotalika mita imodzi ndi theka kuyezera pamwamba pa mapewa, yolemera makilogalamu cha m'ma 450. Kaponi kadabwera m'nyengo yachisanu, eni famu atakagulira zidzukulu zawo. Maonekedwe ake adali a mtundu wa Shetland, wochokera kuzilumba za kumpoto kwa Scotland, womwe msinkhu wake supitirira masentimita 107. Aka sikadakwane n'komwe mita imodzi. Nditayeza ndi tepi kadali cha m'ma 170 makilogalamu, ndipo mano ake adaonetsa kuti ndi kachikulire, osati kamwana monga ankaganizira anyamata a pafamupo. Kadali konenepa kwambiri, khosi lake lili gwa ndi mafuta.

Busa lake lidali limodzi, la kapinga, lotsetsereka kulowera kudambo, pakati pake pali chulu chachikulu. Mpanda udali wa waya waminga womwe adamangira ng'ombe. Chodyeramo madeya chidali chimodzi, chitakhala pangodya pafupi ndi chipata. Tsiku lomwe kadafika kadangotsegulidwira m'busamo, poti aliyense ankati kanthu kakang'ono chonchi sikangavute.

Miyezi yachisanu idadutsa popanda chodandaulitsa. Zidasintha kutayamba kutentha, cha mu Okutobala, hatchi yofiira itayamba kufuna yaimuna. Hatchi yaikazi imabwereza zimenezi pafupifupi masiku 21 aliwonse, ndipo imakhala ikufuna kwa masiku 5 mpaka 7. Kaponi kadayamba kudula yofiirayo kwa zinzake, kukodzera pa ndowe zake, ndi kuthamangitsa yofulidwa ija poiluma m'miyendo ndi kunsi kwa mimba. Abusa ankangoti n'zamasewera. Tsiku lina yofulidwayo pothawa idakadziponya pa waya waminga n'kung'ambika pachifuwa. Apo ndiye padali poyenera kupatula ziwetozi, koma balalo adangolipaka oyilo wakuda wa galimoto, zinthu n'kupitirira monga kale.

Theche lidagwa nthawi yodya madeya. Kaponi kadafika kumbuyo kwa hatchi yakuda, yomwe siinkafuna yaimuna, n'kuyamba kuinunkhiza. Pangodya paja padalibe kothawira. Apa m'pamene kusiyana msinkhu kumaopsa. Mahatchi ofanana akamenyana, chiboda chimagwera pachifuwa kapena pantchafu, pomwe pali mnofu wochuluka. Chiboda chomwecho, pa msinkhu womwewo, kwa kaponi chimagwera kumutu.

Zomwe ndidapeza

Uthenga udandipeza patapita masiku awiri. Abusa adaona kuti magazi asiya kutuluka ndipo kadali chiimire, ndiye adaganiza kuti kachira kokha. Ndidakapeza kataima pakokha pansi pa mtengo, mutu uli pansi, dovu losakanikirana ndi magazi likuchucha, m'kamwa mukununkha. Kankafika pamadzi, kuviika milomo, osameza. Thupi lidatentha madigiri 38.9, pomwe hatchi yabwinobwino imakhala pakati pa 37.5 ndi 38.5. Mtima unkagunda ka 60 pa mphindi, pomwe umayenera kukhala pakati pa 28 ndi 44. Nkhama zidali zouma, ndowe zochepa ndi zolimba, m'mimba mukumveka mwapatalipatali.

Kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi fupa lidathyoka mbali ya kumanzere, mano awiri akutsogolo atapendekera kunja limodzi ndi kachidutswa ka fupa. M'mng'alumo mudadzaza udzu. Kunthiti kudali kotupa koma sikunkamveka kuthyoka, ndipo kankapuma bwino. Maso onse ankaona, kuyenda sikunali kodzandira, choncho ubongo sudakhudzidwe.

Kuthyoka kotereku kumaoneka koopsa, komabe kumapola bwino chifukwa m'kamwa mumayenda magazi ambiri. Chomwe chidandidetsa nkhawa ndi masiku omwe kadakhala osadya, kali konenepa chonchija. Ndidatenga magazi pamtsempha wa pakhosi n'kuimika kabotolo pamthunzi. Magazi atakhazikika, madzi a pamwamba, omwe amayenera kukhala achikasu oonekera, adali oyera ngati mkaka.

Vutoli limatchedwa hyperlipaemia, ndipo limakonda maponi, timahatchi tating'ono ndi abulu, makamaka zonenepa, za bere ndi zoyamwitsa. Chiweto chotere chikasiya kudya, thupi limayamba kusungunula mafuta ake mothamanga. Mafutawo amapita kuchiwindi, chiwindi n'kumawabweza m'magazi mochuluka kuposa mmene thupi lingawagwiritsire ntchito. Magazi amadzaza mafuta, chiwindi ndi impso zimalema, ndipo chiwetocho chimanyansidwa ndi chakudya kuposa poyamba, zomwe zimachititsa kuti thupi lisungunule mafuta enanso. Zikafika patali, zambiri zimafa ngakhale zithandizidwe. Anzanga omwe mumaona abulu a ngolo ku Lobi, ku Mayani kapena ku Lizulu, bulu wonenepa yemwe wakana chakudya musamupatse mawa. Kuimika kabotolo ka magazi sikulira laboratale.

Chithandizo

Kumanga nsagwada si ntchito ya mlangizi yekha, choncho eni famu adavomera kuti tiitane dokotala wa ziweto wodziwa mahatchi kuchokera ku Lilongwe. Podikira ndidachita zomwe zidali m'manja mwanga, tikulankhulana pafoni.

Choyamba chidali kuletsa ululu, chifukwa chiweto chomva kuwawa m'kamwa sichidya. Kadalandira flunixin mumtsempha, mamiligalamu 1.1 pa kilogalamu iliyonse. Apa tepi ija idagwira ntchito. Mlingo wa hatchi yaikulu ukaperekedwa kwa kaponi umaposa kawiri womwe kakufunika, ndipo mankhwala a gulu limeneli, kuphatikizapo phenylbutazone, amaboola zilonda m'matumbo ndi kuononga impso, makamaka chiweto chikakhala chopanda madzi m'thupi. Kadalandiranso penisilini wa procaine mumnofu, mayunitsi 22,000 pa kilogalamu kawiri pa tsiku, ndi jakisoni wa antitoxin woteteza kafumbata, popeza padalibe umboni woti kadabayidwapo katemera. Mahatchi ali m'gulu la ziweto zomwe kafumbata amazigwira msanga kwambiri, ndipo tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe momwe zimakhalamo. Hatchi yofulidwa ija nayonso idalandira wake, titatsuka oyilo yense pabala lake ndi madzi a mchere. Oyilo wa galimoto amaotcha mnofu womwe ukufuna kumera, ndipo sapha tizilombo.

Dokotala atafika adakabaya mankhwala okafooketsa kali chiimire, n'kuchititsa dzanzi nsagwada. Titatsuka mng'alu uja, adabwezera kachidutswa ka fupa m'malo mwake, n'kumanga mano osunthawo ku mano olimba ndi waya wosachita dzimbiri, atakoletsa ku dzino losongoka lomwe mahatchi aamuna amakhala nalo kumbuyo kwa mano akutsogolo. Waya wotere amachotsedwa pakatha milungu 6 mpaka 8.

Ntchito yaikulu idali yolowetsa chakudya m'thupi. Kadalandira diripi ya madzi okhala ndi gulukosi, kenako phala lamadzimadzi la madeya osefa kudzera m'paipi yolowera m'mphuno mpaka m'mimba, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Chifu cha hatchi n'chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, ndipo hatchi sisanza, choncho ukathira zambiri nthawi imodzi ukhoza kuchiphulitsa. Mbusa wamkulu wa pafamupo, bambo odziwa ng'ombe kwambiri, adapempha kuti azikamwetsa ndi botolo monga amachitira ndi ng'ombe zodwala. Ndidawakaniza mwaulemu. Ukakweza mutu wa hatchi n'kuthira madzi m'kamwa, amatha kulowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo. Ntchito yomwe ndidawapatsa ndi yomwe idapulumutsa kaponiko: kumweta msipu wanthete kudambo, kuudula tizidutswa, ndi kukhala nako pansi n'kumakapatsa pamanja, usana ndi madzulo, komanso kutsuka m'kamwa mwake ndi madzi a mchere kakamaliza kudya. Bambowa adaigwira ntchitoyi mosatopa.

Chinanso chidathandiza. Tidakaika m'kakhola koyang'anana ndi busa, kuti kaziona ndi kumva mahatchi anzake. Hatchi ndi chiweto cha gulu. Ukaitsekera payokha kosaona inzake imada nkhawa n'kusiya kudya, ndipo kwa kaponi kodwala chonchi nkhawayo ikadangoonjezera mafuta m'magazi. Katayamba kutola msipu pakokha, magazi omwe tidatenganso adayamba kuyera, mpaka madzi a pamwamba adabwerera kuchikasu chake.

Pali chenjezo limodzi lomwe ndidasiya pafamupo ngakhale silikhudza theche. M'nyumba yosungira mankhwala mudali dibi ya ng'ombe ya amitraz, ndipo anyamata ankafuna kupopera mahatchi chifukwa cha nkhupakupa. Amitraz ndi poizoni kwa mahatchi, amaumitsa matumbo mpaka kutseka. Asamayandikire hatchi kapena bulu.

Bere lomwe eni ake sankalikhulupirira

Nditafunsa ngati kaponi kadakwerapo yofiira ija, eni famu adaseka n'kunena kuti sikangafikire. Mnyamata wina wobusa ndiye adanena motsitsa mawu kuti adaziona pachulu paja, yaikaziyo itaima kumunsi. Sizachilendo. Hatchi yaikazi yomwe ikufunadi imaima nji, imatambasula miyendo ndi kutsitsa chiuno, ndipo malo otsetsereka amamaliza zotsalazo. Msinkhu si njira yolerera.

Pamene dokotala adadzachotsa waya wa pansagwada uja adaiyezanso yofiirayo, ndipo bere lidalipo. Makina ounikira amatha kuona bere la hatchi pa masiku 14 mpaka 16, ndipo jakisoni wa prostaglandin amalichotsa mosavuta lisanafike masiku pafupifupi 35. Likadutsa apo zimavuta, ndipo ine sindikadalangiza. Eni famu adali ndi mantha kuti mwana adzabadwa wopunduka kapena mayi adzavutika pobereka. Ndidawalimbitsa mtima ndi zomwe zidadziwika kalekale. Mu 1938, ku Cambridge, Arthur Walton ndi John Hammond adabereketsa mahatchi aakulu kwambiri a mtundu wa Shire ndi maponi a Shetland, mbali zonse ziwiri, n'kupeza kuti kukula kwa mwana pobadwa kumatsatira kwambiri thupi la mayi. Mayi wamkulu wotenga bere la kaponi sakhala pa chiopsezo chapadera. Komwe ine ndimakaniza ndi kwinaku, kusiya kaponi kakakazi ndi hatchi yaikulu yosafula, chifukwa kulemera kokha pokwera kukhoza kukathyola msana kapena kukang'amba mkati. Hatchi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 340, choncho tidawerengera kuti mwana adzabadwa cha mu Seputembala chaka chotsatira.

Kufula

Pa nkhani iyi tidakambirana nthawi yaitali. Eni famu ankamva chisoni, ankati kavutika kale mokwanira. Maganizo anga ndidawanena mosabisa. Kaponi kosafula ndi nkhunzi yathunthu. Machende ake amatulutsa mphamvu yomweyo yomwe imayendetsa hatchi yaikulu yosafula, ndipo sikadziyeza msinkhu kasanapute ndewu. Kadagulidwira ana, pomwe hatchi yosafula, ingachepe bwanji, imaluma ndi kumenya ndi miyendo yakutsogolo ikamva fungo la yaikazi, ndipo pakamwa pa kaponi pali pa msinkhu wa nkhope ya mwana. Padalibenso cholinga choweta mtundu wake. Kukasiya kosafula kukadatanthauza kukatsekera pakokha moyo wake wonse, zomwe kwa ine ndi nkhanza yoposa mpeni wa tsiku limodzi.

Sitidafule nthawi yomweyo. Kadayenera kuyamba kabwerera mphamvu, ndipo mvula idali itayamba. Dzinja ndi nthawi ya ntchentche ndi matope, komanso ya touluka ting'onoting'ono toluma ta Culicoides, tomwe timafalitsa African horse sickness, matenda omwe amatha kupha mahatchi 9 mwa 10 osatemera. Mahatchi onse adalandira katemera wake, ndipo ankalowa m'khola dzuwa lisanalowe n'kutuluka litakwera. Kafumbata nayenso adatemeredwa mokwanira. Kufula tidakuika mu Juni, pomwe Dedza imazizira mpaka ntchentche kusowa.

Hatchi sifulidwa ndi Burdizzo (chida chofinyira mitsempha ya machende) kapena mphira monga tonde. Imafulidwa ndi opaleshoni, itagonekedwa ndi mankhwala, mitsempha itafinyidwa kapena kumangidwa bwino. Dokotala adayamba watsimikiza kuti machende onse awiri adatsika, popeza timahatchi tating'ono timakonda kubisa limodzi m'mimba, ndipo ukachotsa looneka lokhalo khalidwe silisintha. Bala lidasiyidwa losasoka kuti lizikha, ndipo kuyambira tsiku lotsatira kankayendetsedwa m'mawa ndi madzulo kuti kasatupe. Hatchi yofulidwa kumene imatha kuperekabe bere kwa kanthawi, choncho kadakhala kutali ndi zazikazi milungu 6. Ndidawachenjezanso kuti yofulidwa itakula, ina imapitiriza zizolowezi zomwe idaphunzira, kotero asayembekeze kuti kasanduka mwanawankhosa tsiku limodzi.

Mpanda ndi kagawidwe ka busa

Miyezi yonse yodikirayi kaponi kadali m'busa lakelake, ndipo apa ndi pomwe ndalama zambiri zidapita. Waya waminga adachotsedwa mbali yonse ya mahatchi. M'malo mwake mudalowa milongoti ya bulugama ndi zigwagwa, zomwe ku Dedza sizisowa. Mtanda wa m'munsi udatsitsidwa kuti kasakwawire pansi, popeza mpanda womangira hatchi yaikulu kaponi kamangowerama n'kudutsa. Pakati pa busa lake ndi la mahatchi aakulu tidamanga mipanda iwiri yosiyana mamita awiri, kuti ziziwonana koma zisamenyane kudzera m'mipata, pomwe mwendo umatha kukodwa n'kuthyoka.

Busa lake tidalichepetsa dala. Mtundu wa Shetland udazolowera zilumba zozizira za udzu wochepa, ndiye kapinga wa dzinja wa ku Dedza ndi wonona kwambiri kwa iko. Poni yonenepa ikadya msipu wanthete wambiri imadwala laminitis, kutupa kwa mnofu womwe umagwirizira fupa ku chiboda, ndipo imaima itakankhira miyendo yakutsogolo patsogolo, kuopa kuponda. Ichi n'chifukwa china chomwe maponi ndi mahatchi aakulu savomerezana m'busa limodzi ngakhale atamvana: chakudya chomwe yaikulu ikufunika kuti isaonde n'chomwe chimadwalitsa kakang'ono. Madeya tidawasiyiratu nsagwada itapola. Kankadya udzu wouma, n'kumatulutsidwa kumsipu maola ochepa. Kunenepako tidakutsitsa mwapang'onopang'ono, osati mwa kukamana chakudya, kuopa kudzutsa vuto la mafuta m'magazi lija.

Mnzake wokhala naye adali bulu wamwamuna wofulidwa, wokalamba, yemwe adapuma pa ngolo. Asanalowe adamwetsedwa ivermectin, chifukwa abulu amasunga nyongolotsi za m'mapapo popanda kuonetsa kudwala, koma zikalowa mwa hatchi imatsokomola kosalekeza. Awiriwa adazolowerana msanga.

Milungu ya kufula itatha tidayesa kukaphatikiza ndi hatchi yofulidwa ija yokha, poyamba kudzera pampanda, kenako m'busa lalikulu masana, munthu ali pomwepo. Udzu unkaikidwa milu yoposa chiwerengero cha ziweto, motalikirana, pabwalo osati pangodya. Pakona imodzi tidapingasa mtanda pa msinkhu woti kaponi ndi bulu azidutsa pansi koma hatchi yaikulu ayi, kuti zikhale ndi kothawira. Kadayesa kuthamangitsa yofulidwayo masiku oyamba, kenako kadaleka. Mahatchi a pafamupo savala zitsulo kuziboda. Akadakhala ovala, za kumbuyo zikadayamba zachotsedwa.

Kwa zazikazi sikadabwerere, ndipo ndidalangiza kuti kasadzabwererenso. Yakuda ija ndi yaukali pa chakudya, ndipo ngakhale mahatchi omvana amaponya theche posewera kapena pothamangitsa ntchentche. Alipo omwe amaweta maponi ndi mahatchi aakulu pamodzi zaka zambiri popanda ngozi, sindikutsutsa. Koma pafamu yomwe dokotala wodziwa mahatchi ali ku Lilongwe, ndipo uthenga umachedwa kufika, mwayi wotero si woudalira.

Mmene zilili

Nsagwada idapola, mano awiri aja adatsala opendekera pang'ono koma kamamweta udzu bwinobwino. Dzino limodzi lidada, ndipo tikuliyang'anira chifukwa muzu wake ukhoza kuola n'kufunika kuzula. Khosi lija lidaphwa. Ana amakakwera munthu wamkulu atagwira chingwe. Bala la pachifuwa la yofulidwa lidasiya chipsera chokha.

Yofiira idabereka yokha usiku mu Seputembala, mwana wamwamuna, yemwe adaimirira ndi kuyamwa m'maola oyamba monga ziyenera kukhalira. Ali m'busa lapadera ndi mayi wake, kutali ndi kaponi ndi bulu. Mwana wamwamuna wa hatchi amatha kupereka bere atangopitirira chaka chimodzi, ngakhale kwa mayi wake yemwe, choncho tagwirizana ndi eni famu kuti adzapatulidwa akadzaleka kuyamwa, n'kufulidwa m'chisanu chikubwerachi ngati machende onse adzakhale atatsika.